Za mdzukulu wanga ndi nkhani ija ya pa foni

Mwana wanga,

Mkazi wako wandiimbira akulira, akuti unamupeza mdzukulu wanga akuwerenga pa foni nkhani ya mnyamata wa ku sekondale amene mtima wake uli pa mnyamata mnzake, ndiye unalanda foniyo nkumukwapula ndi lamba pamaso pa azichemwali ake, uku ukukuwa kuti iwe sunabereke mwana wachikazikazi. Zandiwawa kwambiri.

Unamufunsa koma chimene chamukoka mu nkhaniyo? Mabuku a achinyamata amenewa amakamba za mwana amene anzake amamuseka kuti mawu ake ndi ang'ono, sakonda mpira, akungokhala chete mkalasi kuopa kuti wina amuzindikira, ndipo mnyamata wa Fomu 3 akawerenga zotere mwina akudziona yekha, mwina akuganiza za mnzake, mwinanso nkhaniyo yangomukoma basi. Buku silimupanga munthu kukhala chimene sali. Mwana uja amathandiza amayi ake kuphika nsima, ku msika wa Taifa amadziwa kusankha chitenje kuposa ine, ndipo anyamata a ku Chiputula amamutonza kale pa zomwezi, ndiye abwere kunyumba apezenso bambo ake akumutonza?

Mawu aja oti mwamuna salira atha azibambo ambiri. Apolisi akamalengeza za odzipha, ochuluka amakhala amuna, anthu osunga zinthu mumtima chifukwa kudandaula akuti ndi ukazi.

Mantha ako ndikuwamva, sindine wakhungu. Lamulo la dziko lino limapereka mpaka zaka 14 kundende kwa amuna ogonana okhaokha, ndi chilango chomwe Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga analandira mu 2010 Bingu asanawakhululukire, ndipo mu June 2024 khoti linagamula kuti malamulowo akhale momwemo. Kutchalitchi ukudziwanso zomwe amalalikira. Ndiye ngati zilidi choncho kwa mwanayu, kunjaku kuli kale anthu okwanira omulozera chala, pakhomo pako pokha ndiye pamene angathawire. Ukamuthamangitsa apita kwa ndani?

Mubwezere foni, ndipo umuitane mukhale awiri popanda azichemwali ake, umvetsere osamudula mawu. Ngati wasiya kudya kapena akungodzitsekera kuchipinda, ku chipatala cha St John of God kuli alangizi a zamaganizo, mupite naye iweyo osati kutuma amayi ake. Loweruka ndibwera, mtsibweni wake ndi akumpingo usawauze kaye tisanakambirane.

Ndine mayi ako.