Lipoti la msonkhano woyeza ndondomeko za chuma

A Wapampando ndi mamembala nonse a gulu lathu losunga ndi kubwereketsana ndalama,

Ndikuthokoza pondituma ku msonkhano wa masiku awiri umene unachitikira m'tauni muno mu Harare, wokambirana njira zoyezera ngati ndondomeko za boma pa chuma zikupindulitsadi anthu. Akatswiri amazitcha econometrics, ndipo funso limene amalimbana nalo ndi lakuti, ndondomekoyo ikanapanda kubwera, zinthu zikanayenda bwanji?

Nkhani imene inadya nthawi ndi ya Pfumvudza, ndondomeko ya ulimi wa m'maenje wosunga chinyezi, imene boma la Zimbabwe linaifalitsa mu 2020. Chimanga chinachulukadi mu 2021, koma mvula nayonso inagwa bwino nyengo imeneyo, choncho munthu sangangoloza nkhokwe yodzaza n'kunena kuti ndi ndondomeko yachita. Apa mtima wanga unathamangira kumudzi, chifukwa makuponi a feteleza atayamba ku Malawi mu 2005, nakonso mvula inabwera yokoma pambuyo pa chilala. Pofuna kulekanitsa ziwirizi, amatenga alimi a dera limodzi, olandira ndi osalandira, n'kuyerekeza momwe zokolola za gulu lililonse zasinthira kuchokera pamene thandizo linali lisanafike. Komabe ine ndinaona kuti pamatsala chikayiko, pakuti wolandira kuponi nthawi zambiri amakhala wosiyana kale ndi mnzake, mwina pa kukula kwa munda, mwina pa kudziwika kwa olemba mayina.

Nchifukwa chake ndinakhutira kwambiri ndi kafukufuku wa ku Zomba wa 2008 ndi 2009, pamene madera olandira ndalama zothandizira atsikana anasankhidwa mwa maere. Kumene ndalama zinkaperekedwa pokhapokha mtsikana akamapita kusukulu, osiya sukulu anachepa kwambiri, pamene kumene zinkaperekedwa popanda lamulo lililonse ndi kumene mimba ndi maukwati a ana zinatsika koposa.

Chimene chikutikhudza ife mwachindunji ndi kalembedwe ka ziwerengero. Dziko lino linasiya dola yake mu 2009, linabweretsa ndalama yotchedwa dola ya RTGS mu 2019, kenako ina yotchedwa ZiG mu April 2024, ndipo ngakhale a ZIMSTAT, bungwe la boma loona za ziwerengero, amayenera kusamala polumikiza mitengo ya zaka zimenezi. Nditafika kunyumba ndinatsegula kaundula wathu, wachikuto chofiira uja, ndipo pa tsamba lina la 2019 ndinapeza ngongole yolembedwa 200 basi, osasonyeza ngati inali ya dola ya ku America kapena ya RTGS. Ndi zolemba zotere sitingadziwe ngati kukweza chiwongoladzanja kumene tinagwirizana kunatipindulitsa kapena kunangothamangitsa obwereka.

Ndikupempha kuti pa msonkhano wa Lamlungu likudzali tivomereze zoti mlembi azilemba tsiku, mtundu wa ndalama ndi mtengo wosinthira wa tsikulo pa ngongole iliyonse, komanso kuti asungichuma andilole kukhala ndi kaundulayo kwa milungu iwiri, ndifunse amene anabwereka chaka chimenecho akadakumbukira.

Ine nthumwi yanu.