Kalata kwa Mphatso, yemwe wayamba ntchito ku Lilongwe

Aise Mphatso,

Kalata yako yafika Lachiwiri. Ndaseka powerenga kuti masabata atatu okha pantchito wayamba kale kuodzera padesiki 2 koloko masana, iwe amene ku Chanco unkati kalasi ya m'mawa ndi ya ana a chaka choyamba.

Chikukutopetsa si ntchitoyo ayi, ndi nthawi imene umagonera. Werengera chobwerera m'mbuyo. Kuti ufike ku City Centre 7:30 kuchokera ku Area 25, uzikhala uli pasiteji 6 koloko. Ukachedwa pang'ono minibasi zimabwera zodzaza kale, ndipo mzere wa magalimoto cha ku Area 18 udya nthawi yotsalayo. Ndiye kudzuka ndi 5 koloko, foni pansi 10 koloko usiku. Loweruka usagone mpaka dzuwa pamutu, chifukwa Lolemba thupi limayambiranso kuphunzira kudzuka. Tulo ta masanato n'chifukwa cha mitanda itatu ya nsima. Idya iwiri.

Koma chimene chandisowetsa mtendere ndi malaya. Wati uli nawo awiri ndipo umasita m'mawa uliwonse. Aise, magetsi akazima 5 koloko udzatani? Gula ena atatu pa kaunjika akwane asanu, oyera awiri, enawo amtundu wobisa fumbi. Chapa Loweruka m'mawa, sita onse Lamulungu madzulo, upachike. Simbi ya makala ikhale pafupi, koma uziyamba wapemerera phulusa ndi kuyesa pachisanza, apo ayi kakhala kamodzi kagwera pakolala ndipo malaya athera pomwepo. Kolala uyambe kusita mbali yam'kati. Usamaapinde n'kuika m'chikwama ngati mmene unkachitira ku hositelo. Munthu wovala malaya amakwinya, abwana amamuloweza nkhope sabata yoyamba, ndipo akadzafuna wotuma kumsonkhano adzatuma wina. Digiri yonse ija kugonja kwa simbi! Limbani ukamuuza zimenezi aseka mpaka misozi, paja iye ankati udzakwatira utavala juzi yomwe ija.

Kunena za ukwati, Chisomo chinkhoswe chake chili mwezi wamawa. Bambo ake a Yamikani tinawaika m'manda sabata yatha, anadwala masiku anayi okha. Yamikaniyo umuimbire foni, anakufunsa.

Za malipiro, ndalama yolembedwa pakalata yokulembera ntchito si imene idzalowe kubanki. Amayamba achotsa msonkho wa PAYE wopita ku MRA, bungwe lotolera misonkho, kenako 5 peresenti ya penshoni, pomwe abwana amaikapo 10 peresenti yawo. Uziona papepala la malipiro ngati zonsezi zikulembedwa. Ngongole ya sukulu ija nayonso ikudikira, sinaiwale dzina lako. Malipiro akangolowa, patula lendi ndi ya minibasi ya masiku 22, uiike pena pake osaikhudza. Zotsalazo ndiye ugawe za ufa, makala ndi za kumudzi. Kumudziko uwauziretu ndalama yomwe uzitumiza mwezi uliwonse, apo ayi pofika pa 15 udzakhala uli pakhomo pa wakatapila.

Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 likuti maola asapitirire 48 pasabata, ndipo wogwira masiku asanu pasabata tchuthi chake ndi masiku 15 pachaka, wa masiku asanu ndi limodzi 18. Koma pamene uli pa probation, nthawi yoyesedwa pantchito, akhoza kukuchotsa popanda notisi. N'chifukwa chake za malayazi sindikuseka kwenikweni.

Nyemba uphike Lamulungu zokwana masiku awiri basi, kutentha kwa Okutobalaku tsiku lachitatu zimakhala zitasasa. Nsapato nazonso, polishi ugule wakuda ndi kaburashi, uzipukuta usiku osati m'mawa, ndipo masokosi aja obooka pachala, ndikudziwa kuti ukadali nawo, ukangowavula pamaso pa anthu kuofesi

Pepala latha. Yankha msanga.

Ndine mnzako,
Dalitso