Kalata yotseguka kwa a Consul General athu ku Johannesburg: atsikana athu ndi fomu ya Giredi 9

Olemekezeka a Consul General,

Landirani moni bwana, inu ndi onse amene mumagwira nawo ntchito. Ndine mayi wa ku Malawi, kwathu ndi ku Zomba, kuno ku Joni ndakhala zaka zoposa khumi ndipo ndimagwira ntchito yolemba mapulogalamu a kompyuta pa kampani ina ku Midrand. Kalatayi ndailemba poyera dala, ndikufuna makolo anzanga a m'magulu athu a WhatsApp aja aiwerengenso chifukwa nkhaniyi ndi yawo yomwe.

Nkhani yake ndi ya pepala limodzi. Mwana akamamaliza Giredi 9 m'sukulu za kuno amabwera kunyumba ndi fomu yoti asankhe maphunziro amene atenge kuyambira Giredi 10 mpaka matric, kholo n'kusaina. Pa fomupo pali pomwe mwana amasankha pakati pa Mathematics ndi Mathematical Literacy, ija ana amangoti Maths Lit. Ife amene tinaphunzira kumudzi tinkangodziwa kuti masamu ndi masamu basi. Nde taganizirani mayi wafika 7 koloko usiku kuchokera kuntchito ya m'nyumba ku Sandton, wakwera mateksi awiri, mwendo watupa, mwana akumuuza kuti amayi sainani apa akufuna mawa, anzanga onse akutenga Maths Lit akuti ndi yophweka, mayi uja amasaina. Sanalakwe ayi, palibe amene anamufotokozerapo. Koma siginecha imeneyo yatseka khomo la Computer Science ku Wits, ku UJ, ku Pretoria, chifukwa konseko amafuna Mathematics yeniyeni, yatsekanso khomo la uinjiniya, pomwe mwanayo ali ndi zaka 14 kapena 15 zokha ndipo adzazindikira ali mu Giredi 12 akudzaza mafomu a ku yunivesite, madzi atafika kale m'khosi.

Anyamata nawonso zimawachitikira, sindikukana. Koma zomwe ndaona ndi maso anga m'makomo mwa Amalawi ku Rosettenville, ku Turffontein, ku Mayfair mpaka ku Diepsloot ndi zoti mnyamata amakhala ndi pogwira. Foni ikavuta m'nyumba amaitana iye. Loweruka amakakhala pa shopu ya amalume okonza mafoni m'tauni, amaona akutsegula, akusintha sikirini, akuika mapulogalamu, pofika zaka 15 makina sawaopa. Mtsikana Loweruka lomwelo akuchapa, ali ndi mwana kumsana, makamaka kumene mayi amagonera kuntchito n'kumabwera kumapeto kwa sabata kokha, mtsikana wa Giredi 8 ndiye amakhala mayi wa m'nyumba. Akagwira foni nthawi yaitali amakalipidwa kuti wayamba zibwenzi. Nde mwana wotereyu mukamufunsa kuti ukufuna kudzagwira ntchito yanji amatchula zomwe waziona, unesi, saluni, pa till mu shopu. Zonsezo ndi ntchito zabwino, ine sindinyoza ntchito ya munthu, koma asankhe atadziwa kuti zinanso zilipo.

Palinso china chimene chimasokoneza makolo ambiri, CAT ndi IT. Kholo likamva kuti mwana akuphunzira makompyuta limasangalala, osadziwa kuti awa ndi maphunziro awiri osiyana. CAT imaphunzitsa kugwiritsa ntchito zomwe ena anapanga kale, Word, Excel ndi zina zotero, ndi yothandiza ndithu pa ntchito za mu ofesi. IT ndi yomwe mwana amaphunzira kulemba pulogalamu yekha, m'sukulu zambiri za boma amagwiritsa ntchito chilankhulo cha kompyuta chotchedwa Delphi. Sukulu zambiri kumene ana athu amapita IT kulibe, koma zimenezo zisatifooketse, yunivesite sifunsa ngati unatenga IT, imafunsa masamu. Ine ndekha kompyuta ndinayamba kuigwira bwinobwino nditamaliza kale Fomu 4, chomwe chinandinyamula ndi masamu amene mphunzitsi wina wamayi ku sekondale anandikakamira kuti ndisawataye.

Chaka chathachi ndinayamba kusonkhanitsa atsikana Loweruka m'mawa mu garaja ya pomwe ndimachita renti. Alipo asanu ndi awiri, ma laptop alipo awiri, imodzi batire yake inafa imangoyaka ikakhala pa magetsi. Tinayamba ndi Scratch, ija ya ulere yopangidwa ku yunivesite ya MIT ku America yomwe mwana amangolumikiza timabokosi tamitundumitundu kachithunzi n'kumayenda pa sikirini, akuluakulu awiri pano alowa mu Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu. Magetsi akazima timagwiritsa ntchito TANKS, masewera amene anapangidwa ku Nelson Mandela University, mwana amayala timakadi pansi motsatana monga malamulo, n'kujambula ndi foni, kathanki kamayenda motsatira zomwe wayala, osafuna intaneti. Pansi pa simenti pomwepo ana amakangana kuti kadi iyi ibwere patsogolo, ayi walakwitsa ubwerere, ndipo imeneyo ndiye coding yomweyo.

Koma bwana chomwe ndaphunzira ine mu garajamo si cha Scratch. Tsiku lina ndikutumiza ndalama kumudzi pa Mukuru kuti amayi anga alandire pa Mpamba, mtsikana wina wa Giredi 9 amandiyang'anitsitsa, kenako anafunsa kuti anti, kodi zimenezi anapanga ndi munthu? Ndinamuuza kuti eya, anthu, amakhala pa desiki ngati ine ndemwe, ena mwa iwo ndi azimayi, amalemba mizere yoti ndalama ikachoka apa ikafike ku Zomba osasochera, ndipo amalandira malipiro abwino pa mwezi. Anakhala chete kanthawi. Kenako anati nde inuyo ntchito yanu ndi imeneyo? Mwanayu wandidziwa zaka zinayi, timapemphera tchalitchi chimodzi, ankadziwa kuti ndimagwira za makompyuta koma m'mutu mwake ankaganiza kuti ndimataipa makalata a abwana. Sabata yotsatira anabwera ndi fomu ija atalemba kale Maths Lit ndi pensulo. Ndinapita kwa mayi ake Lamlungu titaweruka, tinakhala pa mkeka maola awiri, mayi aja mantha awo anali oti mwana akalephera masamu ovutawo abwereza kalasi ndipo iwo ndalama ya chaka china alibe, mantha omveka ndithu. Tinagwirizana kuti ndizimuthandiza masamu Lachitatu lililonse madzulo. Anafufuta. Pano ali mu Giredi 10, masamu akumuvuta sindinama, teremu yoyamba anabwera akulira, koma sanasiye.

Mwana ameneyo sanasinthe maganizo chifukwa cha laptop. Anasintha chifukwa anaona mayi wolankhula Chichewa ngati amayi ake, wodya nsima ndi utaka ngati iye, akugwira ntchitoyo, ndipo mayiyo anabweranso sabata yotsatira ndi inzake. M'mera mpoyamba, ndipo poyamba pake kuno ndi Giredi 7, 8 ndi 9, fomu isanafike.

Nchifukwa chake ndalembera inu. Ine ndekha garaja yanga imakwana ana asanu ndi awiri basi. Koma ndikudziwa kuti mu Gauteng muno muli azimayi a ku Malawi ena amene ali m'mabanki, m'makampani a mafoni, a inshuwalansi, ena akuphunzitsa kapena kuphunzira m'mayunivesite, ndakumanapo nawo angapo mwangozi, wina ndinamudziwira pa maliro. Sitidziwana, aliyense ali kwake. Ofesi yanu ndi malo amodzi okha amene Mmalawi aliyense amadutsapo, wa ku Sandton ndi wa ku Zandspruit yemwe, pasipoti ikatha tonse timakhala pa mzere umodzi. Ndipo inu mukaitana atsogoleri a mipingo, a mizikiti, a mabungwe a maliro ndi a magulu a m'maboma akumudzi amabwera, ine ndikaitana amafunsa kaye kuti ndi mwana wa ndani ameneyu.

Sindikupempha ndalama. Ndikupempha kuti ofesi yanu ilengeze kuti azimayi a ku Malawi amene ali pa ntchito za makompyuta, uinjiniya ndi sayansi alembetse maina, kenako mutiitane tsiku limodzi tidziwane, aliyense atenge atsikana awiri kapena atatu a dera lomwe amakhala oti aziwayendera chaka chonse, osati za tsiku limodzi zojambulitsa zithunzi n'kubalalika. Tsiku loyambira lilipo kale, bungwe la United Nations loona za mauthenga la ITU linakhazikitsa Girls in ICT Day yomwe imachitika Lachinayi lachinayi la mwezi wa April chaka chilichonse kuyambira 2011, poti limagwa pakati pa sabata ife tikhoza kutenga Loweruka lotsatira kuti makolo apezeke. Makolo apezeke ndithu, amayi ndi abambo omwe, chifukwa wosaina ndi iwo.

Ndipo kapepala kamodzi kokha, kofotokoza za fomu ya Giredi 9 m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao, kataikidwa pomwe anthu amadikirira mu ofesi yanu n'kutumizidwanso m'magulu a WhatsApp, kakhoza kupulumutsa ana ambiri kuposa garaja yanga. Kulemba kwake ndikhoza kulemba ine usiku umodzi, omasulira tiwapeza.

Pali nkhani ya chitetezo yomwe sindikufuna tiizembe. Makolo amene amakaniza mwana wamkazi kupita kwa munthu wachilendo kuti akaphunzire kompyuta ali ndi zifukwa, tonse tamvapo za abambo amene amayamba ndi kuthandiza mwana homuweki. Nde olangiza atsikanawa akhale azimayi, odziwika ku ofesi yanu ndi kwa atsogoleri a dera, azikumana pagulu, pa holo ya tchalitchi kapena ku laibulale, osati kuchipinda kwa munthu. Abambo amene ali ndi mtima wothandiza alipo ambiri ndipo tikuwafuna, abweretse ma laptop akale a kuntchito kwawo, alipire teksi yoti ana akaone malo a sayansi a Sci-Bono ku Newtown kapena malo a zamakompyuta a Tshimologong ku Braamfontein, ana athu ambiri amadutsa pafupi ndi malo amenewa osadziwa kuti akhoza kulowa. Mabungwe a kuno ophunzitsa coding ngati GirlCode ndi WeThinkCode_ alipo kale, kalata yochokera ku ofesi ya dziko imatsegula zitseko zomwe mesiji yanga ya pa foni singatsegule.

Za mapepala ndingonena mwachidule poti inu mukuzidziwa kuposa ine. Khoti lalikulu la ku Makhanda linagamula mu December 2019 kuti mwana asakanizidwe sukulu chifukwa chosowa mapepala, nde kusukulu ana athu alimo. Vuto limadza akamaliza matric, NSFAS, thandizo la boma la kuno lolipirira ophunzira ku yunivesite, ndi ya eni dziko ndi okhazikika mwalamulo, ambiri mwa ana athu sangaipeze. Apa mpomwe ndikufuna mutilumikize ndi kumudzi. Ku Thyolo kuli yunivesite ya sayansi ya MUST yomwe inatsegulidwa mu 2014 ndipo imachititsa misasa ya sayansi ya atsikana. Ku Lilongwe mayi Rachel Sibande anayambitsa mHub komwe ana amaphunzira coding. Mu 2020 a UNICEF anatsegula African Drone and Data Academy m'dziko mwathu momwemo. Atsikana a mu garaja yanga palibe ndi mmodzi yemwe amene anali atamvapo zimenezi, kwa iwo ku Malawi ndi kwa agogo, kumene timatumizako ndalama ndi mabulangete pa basi. Nditawaonetsa chithunzi cha mayi Sibande wina anafunsa kawiri ngati ndi Mmalawi weniweni. Mwana amene wakhoza masamu kuno ayenera kudziwa njira yolowera yunivesite yakwawo, matric yake imawerengedwa bwanji, afunsire kuti, ndipo oyenera kutifotokozera zimenezo ndi inu.

Agogo anga aamuna anabwera kuno pa Wenela kudzakumba golide, anabwerera ndi njinga, wailesi ndi chifuwa. Ambiri a ife tinabwera kudzagwira m'magadeni, m'makhitchini ndi m'mashopu, ndipo thukuta limenelo lamanga nyumba za malata zambiri kumudzi, sindichita nalo manyazi. Koma ndikaona ana awa akukangana pa simenti kuti kadi iti ibwere patsogolo mtima umandiwawa kuti ena mazanamazana ngati iwowa asaina Maths Lit chaka chino popanda wowafunsa kawiri.

Mafomu ambiri amatuluka chaka chikapitirira pakati, nde ngati tikufuna kupeza a Giredi 9 a chaka chino nthawi ndi yochepa. Ndibweretsa kalatayi pamanja ku ofesi yanu pamodzi ndi kapepala kaja nditakalemba kale m'Chichewa, nambala yanga ndidzasiya pomwepo. Mukafuna kuona kaye ndi maso anu, timakumana Loweruka lililonse kuyambira 9 koloko mpaka 12, ana adzakuonetsani kathanki kaja.

Ine wanu,
Mayi wa ku Rosettenville, kwathu ku Zomba