Opita ku Beijing, bwato la mwala lija lili ndi mbiri yake

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko ndi anzathu amene amabwera kuno ku Beijing kudzachita maphunziro kapena misonkhano. Chiyambireni ubale wa Malawi ndi China kumapeto kwa chaka cha 2007, alendo otere sasowa, ndipo ambiri amatengedwa tsiku lina kukaona Summer Palace, kumene mafumu a ku China ankakapumulirako m'nyengo yotentha. Eni dziko amati Yiheyuan. Mwezi wathawu ndidaperekeza gulu lina lochokera kumudzi. Wotitsogolera adatiyendetsa ngati ng'ombe zopita ku dibi, ndipo pasanathe maola awiri tidali titabwerera kale m'basi. Aliyense adajambulitsa pa bwato la mwala, koma palibe adauzidwa kuti bwatolo lidabwera bwanji pamenepo. Zidandiwawa, chifukwa ine malowa ndimawakonda ndipo ndapitako kangapo ndekha.

Malo ake ndi aakulu, pafupifupi mahekitala 290, ndipo magawo atatu mwa anayi ndi madzi a nyanja ya Kunming. Mfumu Qianlong ndiyo idayamba ntchito yomanga mu 1750, pokonzekera chikondwerero choti mayi ake akwanitsa zaka 60. Anthu adakuza nyanjayo ndi manja, dothi lake n'kuliunjika pa phiri lomwe lili kumpoto kwake. M'mphepete mwa madzi muli khonde lofolera lotalika mamita 728, ndipo pa mitanda yake pali zithunzi zopenta zoposa 14,000, za mbalame, maluwa ndi nthano zakale. Ukati uziyang'ana chimodzichimodzi, khosi limayamba kupweteka usanafike n'komwe pakati.

Koma zambiri zimene mukuona lero si za Qianlong ayi. Mu 1860 asilikali a Britain ndi France adalowa mu Beijing n'kutentha malowa. Amene adawamanganso ndi Cixi, mayi amene adagwira ulamuliro wa China kwa zaka zoposa 40 ngakhale pampando padali ana aamuna. Dzina loti Yiheyuan lidaperekedwa mu 1888, ndipo mbali ina ya ndalama zomangira idachotsedwa ku thumba la asilikali a pamadzi. Bwato lija, lotalika mamita 36, adalikonzanso mu 1893. Tsinde lake ndi lamwala, silingasunthe. Nyumba ya pamwamba pake ndi yamatabwa, yopakidwa utoto kuti izioneka ngati mwala, ndipo m'mbali adaikamo mawilo oyerekeza a sitima zoyendera nthunzi. Chaka chotsatira nkhondo ndi Japan idabuka, ndipo pofika mu 1895 zombo zankhondo za China zidali zitagonja kotheratu. Munthu ukaima pamenepo ukudziwa izi, suthamangira kamera. Umayamba kaye wakhala phee, n'kuganiza za anyamata amene adamira m'nyanja pomwe mwini dziko ankamwa tiyi pa bwato losayenda.

Pali kanyumba kena kamene magulu ambiri amangokadutsa, kotchedwa Yulan Tang, pafupi ndi chipata cha kum'mawa. Mu 1898 mfumu yachinyamata Guangxu, mwana wa mng'ono wake wa Cixi, idayesa kusintha maphunziro ndi kayendetsedwe ka boma. Zidangotenga masiku pafupifupi 100, Cixi n'kuithyola mapiko. Akabwera kuno, mfumuyo ankaitsekera m'bwalo limeneli. Mukasuzumira pa mawindo a zipinda za m'mbali, simuona mipando kapena kama. Mumaona chipupa cha njerwa chomangidwa m'katimo, pafupi kwambiri ndi zenera, choti munthu asatulukire kwina. Chikadalipo mpaka lero. Ine ndidachiona ulendo wanga wachiwiri, ndipo chidandiuza zambiri kuposa nsanja yaitali ya pa phiri imene aliyense amakwera.

Chimene chimandisangalatsa koposa ndi eni ake atsopano a malowa. Kuyambira mu 1924 ndi paki ya anthu onse, ndipo mu 1998 UNESCO idaaika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse. Mukalawirira, mupeza agogo a m'derali afika kale. Ena akuimba m'magulu m'khonde muja, ena akutambasula miyendo m'mphepete mwa nyanja. Tsiku lina ndidaima nthawi yaitali kuonerera bambo wina wachikulire atanyamula burashi yaitali ngati ndodo, akuiviika m'kachidebe ka madzi n'kumalemba zilembo za Chitchaina pa miyala ya pansi. Akamafika kumapeto kwa mzere, zilembo zoyamba zinkakhala zitauma kale ndi dzuwa. Sizinkawadetsa nkhawa, ankangoyambanso. Pomwe kale munthu wamba sakadayerekeza kuponda, lero ndi pomwe nkhalamba zimawothera dzuwa. Zoterezi simungazione ngati wina akukukuwirani kuti basi ikunyamuka.

Pempho langa kwa amene amakonza maulendowa, ndi kwa inu amene mudzabwere: funsani tsiku lathunthu. Wolokani mlatho wa zipata 17 wa pa nyanjayo, wokhala ndi timikango tamwala toposa 500, mukakhale pa chilumba. Ngati ndi mu Januwale, valani zokwanira, chifukwa madzi a nyanjayo amaundana gwa ndi kuzizira mpaka anthu amayenda pamwamba pake. Ndipo masana mupite ku Yuanmingyuan, nyumba zina zachifumu zomwe zidatenthedwanso mu Okutobala 1860 atalamula Lord Elgin, nthumwi ya Britain. Kumeneko sadamangenso, adasiya miyala yogumuka ili mbwee m'udzu, ndipo ana a sukulu amapita nawo kuti akaone ndi maso awo. Sipafunika basi yapadera. Kwerani sitima ya pansi pa nthaka, Line 4, pa siteshoni ya Beigongmen, ndipo mukatsike pa siteshoni yachiwiri.

Wophunzira wa ku Malawi,
Beijing