Chilengezo: nyimbo za vidiyo ya chiwonetsero chathu cha magemu

Anzathu nonse a gulu la magemu kuno ku Zomba,

Makilipu a chiwonetsero chathu cha pa YouTube tasonkhanitsa kale, chatsala ndi nyimbo zomveka chapansipansi. Tikupempha opanga mabiti kuti mutithandize, koma zikhale zopeka nokha. Nyimbo ya m'gemu musaikemo ngakhale kachidutswa. Content ID, njira ya YouTube yozindikira nyimbo za eni ake, ikhoza kuizindikira, ndiye vidiyo yonse ikhoza kutsekedwa.

Tikufuna nyimbo ziwiri, yodekha ya poyambira ndi yothamanga ya pamasewero. Yothamangayo ikhale pa 120 BPM (kugunda 120 pa mphindi), mabara 32, omwe ndi masekondi 64, ndipo ikafika kumapeto izibwerera poyamba osamveka polumikizira. Apa ndi pomwe ambiri zimawavuta. Mukadula reverb (kulira kotsalira komwe kumazilala pang'onopang'ono) isanathe, polumikizirapo pamamveka kuti "thi!". Tengani mchira wa reverb muusanjike pa bara yoyamba, kenako muimvere nyimboyo ikuzungulira kangapo.

Pavidiyoyi pakhala munthu wofotokoza, choncho musaikemo mawu oimba. Zida zokuwa ngati lead synth muzitsitse pakati pa 1 ndi 4 kHz, poti mawu a munthu amadalira pamenepo kuti amveke. Ng'oma ndi marimba tizikonda kwambiri, bola musajambule mvula ikuwomba malata.

Mapulogalamu a LMMS ndi Audacity ndi aulere ndipo ntchitoyi aikwanitsa. Muzisunga ntchito yanu pafupipafupi, magetsi satsanzika. Tumizani WAV ya 48 kHz, 24-bit, yosakuwa kupitirira -1 dB, ngati document pa WhatsApp ya gulu Lachisanu lisanafike. Amene alibe bando abweretse pa fulashi tikakumana ku Matawale.