Kalata yoyamikira ofesi yoona za mapulani a misewu

Chinamwali,
Zomba.

Kwa Mkulu wa Ofesi Yoona za Mapulani a Misewu,

Bwana,

Ndalemba kalatayi kuti ndikuthokozeni, inu pamodzi ndi mainjiniya anu, chifukwa cha mmene mwayambira ntchito yokonza mapulani okuzira msewu wa M3 pakati pa tauni ndi kuno ku Chinamwali. Ndine mphunzitsi wopuma pantchito, ndipo msewuwu ndauyenda wapansi, panjinga ndi paminibasi kwa zaka zambiri. Phula latsopano silinathiridwe, koma zimene ndaona kale zandikwanira kuti nditenge cholembera.

Chimene chandikhudza mtima ndi chakuti anyamata ndi atsikana amene munawatuma kudzawerenga zodutsa pamsewu sanawerenge magalimoto okha. Tsiku lina mmawa ndinaima pafupi ndi mmodzi wa iwo, ndipo ndinaona kuti papepala lake panali mzere wa akabaza, mzere wa njinga zamoto, ndi wina wa anthu oyenda pansi. Ankalemba mayi wosenza dengu la tomato, ankalembanso mwana wa yunifolomu amene amadikira mpata woti awoloke. Kwa amene sakhala kuno izi zingaoneke zazing'ono, koma ife tikudziwa kuti papulani pamalowa okhawo amene awerengedwa.

Pamapu, M3 ndi msewu waukulu wochokera ku Blantyre kudutsa muno kupita ku Liwonde ndi Mangochi, ndipo woyendetsa thiraki amauona choncho. Kwa ife msewu womwewo ndi njira ya kumsika, ya kusukulu, ya ku chipatala chachikulu ndiponso ya kumaliro. Zomba inasiya kukhala likulu la dziko mu 1975, koma anthu sanasiye kuchulukana. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 105,000 mumzinda muno, osawerengera a ku Songani ndi ku Domasi amene amalowa mmawa n'kutuluka madzulo. Onsewa amapanikizana pamsewu umodzi wa mbali ziwiri. Minibasi ikaima pakati pa phula kuti ikweze munthu, ya kumbuyo imaima, kabaza amapatukira m'mbali, woyenda pansi n'kuthawira m'ngalande. Vuto si kuchepa kwa msewu kokha ayi, komanso kusowa kwa malo oimapo ndi oyendamo aliyense.

N'chifukwa chake ndinakondwa pa msonkhano umene munaitanitsa, pomwe injiniya wanu anatambasula pepala patebulo n'kutifunsa kuti tiloze tokha malo amene timawolokera. Sanatiuze pamene tiyenera kuwolokera. Anatifunsa pamene timawolokera kale. Kusiyana kwake n'kwakukulu, pakuti munthu wonyamula thumba la chimanga sangazungulire mtunda wautali kukafuna mizere yoyera. Tinamvanso kuti mukulingalira za masiteji olowa m'mbali, njira yapadera ya njinga, ndi magetsi a sola m'malo amene anthu amachuluka madzulo. Sindikudziwa ngati ndalama zidzalola zonsezi, koma ndi zinthu zoyenera kuyambirapo.

Pa nkhani ya madzi ndikufuna kutsindika pang'ono, chifukwa apa ndi pamene ndinaona kuti anthu anu akumvetsera. Ife tili m'munsi mwa phiri, ndipo mvula ikagwa kumtunda madzi amatsika ndi liwiro, atatenga mchenga ndi miyala. Gogo wina atanena kuti madzi saiwala khwawa, anthu anaseka, koma gogoyo sankaponya mwambi chabe: ankanena za njira yeniyeni imene madzi ankadzera nyumba zisanamangidwe. Injiniya wanu sanaseke nawo. Anapempha kuti akamuonetse malowo, ndipo anapita msonkhano utatha. Aliyense amene anaona zimene namondwe wa Freddy anachita ku misewu ndi milatho ya chigawo chakummwera mu 2023 akudziwa kuti msewu umaonongeka kuyambira pansi, ngalande zikachepa kapena zikatsekeka, pamwamba pakuonekabe posalala.

Za amalonda a m'mbali mwa msewu ndinena mwachidule. Ena ali m'malo a msewu, ndipo iwonso akudziwa. Ndayamikira kuti mwawauza msanga, mapulani akadali papepala, m'malo mowadzidzimutsa ndi zizindikiro zofiira pamakoma. Munthu wouzidwa nthawi ilipo amakhala ndi mpata wofuna pena. Pempho langa n'lakuti nkhani ya chipukuta misozi, kwa amene ali oyenera kulandira, ifotokozedwe poyera ndiponso m'Chichewa, kuti mphekesera zisapeze polowera.

Ndalama zosamalira misewu zimachokera mwa zina ku msonkho wa pa mafuta, umene ngakhale wokwera minibasi amalipira kudzera pa mtengo wa ulendo, choncho tili ndi chifukwa chotsatira ntchitoyi mpaka kumapeto. Mapulani akatha kujambulidwa, chonde mudzabwerenso nawo kuno tidzawaone kontrakitala asanafike. Munditumizirenso mafuno abwino kwa mtsikana uja ankawerenga pafupi ndi siteji yathu, amene anakhala padzuwa tsiku lonse ali ndi ambulera yothyoka.

Ine wanu,

Mphunzitsi wopuma pantchito,
Chinamwali.