Za diso la alongo anga

Ulongwe, Angónia

Okondedwa achimwene,

Mwandifunsa kawiri konse pa lamya za matenda a alongo anga, ndipo ndaona kuti ndikulembereni, popeza nkhaniyi siingathe m'mphindi ziwiri.

Zinayamba nthawi yokumba mbatata ya kachewere, pamene anayamba kumva ululu kuseri kwa diso lamanzere ngati munthu akuboola ndi chitsulo chamoto. Tonse tinkati ndi mutu waching'alang'ala. Patatha masiku asanu chikope chinagwa, diso linaleka kutembenuka, ndipo tikatukula chikopecho ndi chala ankaona munthu mmodzi ngati awiri. Azakhali anaumirira kuti tiwatemere mphini. Sindiwaimba mlandu, koma sabata imene tinataya tikukangana imandiwawa mpaka lero.

Titakwera minibasi ya chapa kupita ku Tete, adokotala anatifotokozera kuti kuseri kwa diso kuli kanjira kopapatiza m'fupa, momwe mumadutsa mitsempha itatu yoyendetsa diso pamodzi ndi wina womva kukhudza pamphumi. Pamenepo pakatupa, mitsemphayo imapanikizika, ndipo kutupako kukafika pa mtsempha woonera, munthu angathe kuchita khungu osadzaonanso. Matendawa amatchedwa Tolosa-Hunt, potengera maina a Eduardo Tolosa wa ku Spain, amene anawafotokoza mu 1954, ndi William Hunt wa ku America, amene analemba za odwala ena mu 1961.

Chimene chinandipsetsa mtima poyamba, koma tsopano ndimachilemekeza, n'chakuti adokotala sanafulumire kupereka mankhwala. Anayamba awajambula m'mutu, kenako n'kuwayeza shuga, HIV, chindoko ndi chifuwa chachikulu, chifukwa chotupa kapena tizilombo zimabweretsa zizindikiro zomwezi, ndipo prednisolone, amene amaphwetsa kutupaku, amafooketsa chitetezo cha m'thupi n'kukweza shuga. Kumupatsa munthu wa chifuwa chachikulu mwachimbulimbuli ndiko kuthira mafuta pamoto.

Alongo anga atayamba kumwa prednisolone, ululu unatha pasanathe masiku atatu, koma chikope chatenga masabata asanu ndi limodzi kuti chitukuke, ndipo akayang'ana kumanzere amaonabe ziwiriziwiri pang'ono. Mapiritsi akuwachepetsa pang'onopang'ono, pakuti kusiya mwadzidzidzi n'koopsa, komanso matendawa amatha kubwerera.

Munanditchulira kuti mayi anu ku Tsangano akudandaula diso limodzi. Chonde afunseni lero lomwe ngati chikope chikulemera kapena akuona ziwiriziwiri. Akavomera, mundiuze, ndikawatenga ndine Lolemba.

Ndine mnzanu wa kuno kumudzi.